Ndinkajambula chitsulo, osadziwa kuti chimapuma

Tsiku loyamba limene ndinapita kukajambula sitima ya malasha ndinabwerako ndi zithunzi zoposa 300, koma panalibe n'chimodzi chomwe choti n'kuonetsa munthu. Nditazitsegula pa kompyuta usiku umenewo ndinangoti kakasi. Injini imene masana inandinjenjemeretsa chifuwa podutsa, pachithunzi inali chinthu chotuwa ngati chagwera m'phulusa. Nthunzi imene ndinaiona ikubwatuka m'chumuni, ikupotana ngati mitambo ya mvula, inangosanduka banga loyera mbee lopanda mzere uliwonse. Pa zithunzi zina mtengo wa mawaya unamera pamsana pa injini, pa zina utsi unakuta zonse n'kungotsala mawilo awiri. Mlandu ndinaukankhira kwa kamera. Patapita miyezi ingapo ndinagula lenzi yaitali n'kubwererako, koma zithunzi sizinasinthe.

Ndikulemba izi chifukwa cha inu amene mainjini akalewa akukudyani mtima ndipo mukufuna kuwajambula, kaya ndi kamera yaikulu kaya ndi foni. Chimene chinasintha zithunzi zanga sindinachigule. Anali madala ena ake othira malasha, ndi funso lawo limodzi.

Njanji imene ndinkapitako ndi yaifupi, ya makilomita owerengeka, ndipo oiyendetsa ndi anthu ongodzipereka, osalandira kanthu. Pakati pa sabata ena ndi aphunzitsi, ena anamwino, ena anapuma kale pa ntchito, koma likafika Loweruka onse amavala maovolosi n'kudetsedwa ndi girisi mofanana. Mchitidwe umenewu unayambira ku Wales mu 1951, pamene anthu wamba anatenga kanjanji ka Talyllyn kamene kanatsala pang'ono kutsekedwa, n'kuyamba kukayendetsa okha. British Rail, kampani ya boma imene inkayendetsa sitima ku Britain, inasiyiratu mainjini a malasha pa njanji zake zazikulu mu Ogasiti 1968, ndipo mainjini ambirimbiri anadulidwa n'kusungunulidwa. Koma ku Barry, ku Wales komweko, Dai Woodham, amene anali ndi malo odulirako zitsulo zakutha, anayamba ndi mabogi akatundu chifukwa ndi amene anali osavuta kudula, mainjini n'kumangokhala pamzere akudyeka ndi dzimbiri. Okonda sitima anapezerapo mpata, n'kumasonkherana ndalama, kugula imodziimodzi. Anapulumuka 213. Ambiri amene lero akunyezimira pa njanji zosungidwa za ku Britain anakhalapo pamzere umenewo, udzu ukumera pakati pa mawilo awo.

Ulendo wanga wachitatu ndinapempha chilolezo choti ndilowe m'shedi, mogona mainjini, m'bandakucha, alendo asanafike. Ndinafika 4 koloko. M'katimo munali mdima, kuzizira, ndi fungo la malasha, oilo ndi chitsulo chonyowa. Madala aja anali atakwera kale pa injini, akuponya nkhuni m'ng'anjo. Anandiyang'ana ine, kenako chikwama changa.

"Achimwene, mwadzajambula chiyani kuno?"

"Injiniyi, bambo."

"Mukuidziwa?"

Ndinatchula nambala yake, chaka chimene inapangidwa, fakitale imene inachokera, zonse zimene ndinawerenga. Iwo anapukusa mutu. "Amenewo ndi maina chabe. Ikani kamerayo pansi, bwerani kuno."

Anagwira dzanja langa n'kuliika panthiti pa boila, chithanki chachikulu chija mmene mumawira madzi. Chitsulo chinali chofunda pang'ono, ngati nthiti za ng'ombe imene yagona m'khola. Anati moto waung'ono anauyatsa dzulo lake madzulo, chifukwa injini yozizira suifulumiza: chitsulo chikatentha mbali imodzi ina idakali yozizira, chimakokana, molumikiza monse n'kuyamba kudontha. Tinaima chete. M'katimo munkamveka teke, teke, chitsulo chikudziwongola, kenako kung'ung'udza kwapansipansi kwa madzi, monga imachitira ketulo isanawire. Maola atatu otsatirawo sindinajambule kalikonse. Ndinkangopatsira zimene andituma, ndikumvetsera.

Moto uli kumbuyo, m'ng'anjo yozunguliridwa ndi madzi. Mpweya wotentha wochokera pamotopo umadutsa m'mapaipi ambirimbiri oyenda m'kati mwa boila mpaka kutsogolo, ndiye madzi amawira, nthunzi n'kumapanikizana pamwamba. Woyendetsa akakoka chogwirira chachikulu chija, nthunzi imathamangira m'masilinda, n'kukankha pisitoni kupita kutsogolo, kenako kumbuyo. Pisitoni imakankha mkono wachitsulo, mkonowo umazunguza wilo. Nthunzi ikamaliza ntchito yake siingotayika ayi. Imaponyedwa m'chumuni mwamphamvu, ndipo potuluka imakoka mpweya kudzera pamoto, moto n'kulilima. Ndiye kuti injini ikamalimbana ndi katundu wolemera ndi pamene imadzikolezera yokha moto. Kulira kuja kwakuti khu-khu-khu-khu ndi nthunzi yomweyo ikutuluka: pa injini ya masilinda awiri kumamveka kanayi wilo likazungulira kamodzi, pa ya masilinda atatu ka 6. Madala aja ankatha kudziwa, ali chikhalire m'shedi, kuti injini imene ikudutsa kutali siinatchunidwe bwino, chifukwa kugunda kumodzi mwa kunayiko kunkatsimphina.

Apa mpamene ndinaona cholakwa changa choyamba. Ndinkasankha malo okomera maso anga, pamene pali mtengo wabwino kapena mtsinje, osadzifunsa kuti injini ikafika pamenepo imakhala ikutani. Malo amene ndinkawakonda anali pamtsetse. Pamtsetse woyendetsa amatseka nthunzi, sitima imangoyenderera yokha, ndipo m'chumuni mumangotuluka kautsi kofooka kamene kamagwa n'kukuta mabogi. Mphamvu ya injini imaonekera pachikweza ndi ponyamuka pa siteshoni. Masiku ano ndikafika pa njanji yachilendo ndimayamba ndafunsa oyendetsa kuti chikweza chachikulu chili pati, ndiponso kuti injini yayang'ana kuti, chifukwa njanji zambiri zazifupi zilibe potembenuzira, choncho ulendo umodzi imapita chamutu, pobwerera imayenda chambuyo. Safunsa anadya phula: ine ndinadikirapo theka la tsiku pamalo abwino, sitima n'kufika ngolo ya malasha ili patsogolo.

Ponyamuka pali chinthu china. Injini ikaima nthawi yaitali, nthunzi imasanduka madzi m'masilinda, ndipo madzi sapanikizika. Pisitoni ikawagunda ikhoza kuswa chivundikiro cha silinda. N'chifukwa chake woyendetsa amatsegula timipopi ta pansi, nthunzi n'kuti phwaa kutsogolo ndi m'mbali. Mukaima pafupi, injini imasowa mu mtambo wake womwe. Sunthirani patsogolo ndithu, dikirani timipopito titsekedwe. Pali kamphindi kamene mphuno ya injini imatulukira mu mtambowo, nyali yake ikuyaka, kumbuyo konse kuli mbuu. Chithunzi chili pa kamphindi kameneko.

Cholakwa changa chachiwiri chimandiwawabe. Titazolowerana, tsiku lina ndinawauza madala aja kuti, "Bambo, mukafika pamlatho paja muthireko malasha ambiri, utsi utuluke wakuda bii, chithunzi chikome." Nkhope yawo inagwa. Anaimika fosholo n'kunena kuti, "Mwana wanga, utsi wakuda ndi malasha amene athawa osapsa. Ine zaka zonsezi ndaphunzira kuti chumuni changa chizikhala choyera, ndiye inu mukufuna mundijambule ndikuwononga ntchito?" Anandionetsa mmene amathirira: mafosholo ochepa koma pafupipafupi, m'makona, m'mbali, pansi pa chitseko, osaunjika pakati, kenako kusiya chitseko chotsekula pang'ono kuti mpweya ulowe pamwamba pa moto n'kutentha utsi usanatuluke. Wodziwa ntchito amasiya kautsi kotuwa kopyapyala basi. Utsi wakuda umene ife ojambula timauombera m'manja ndi chikomekome cha nkhuyu. Umagwera pa zovala zimene anthu okhala m'mphepete mwa njanji ayanika, iwo n'kukadandaula, ndipo malasha amene apita kumwambawo anagulidwa ndi ndalama zosonkha. Malasha abwino a injini akusowanso: mgodi wa Ffos-y-fran ku Wales, umene njanji zambiri zosungidwa za ku Britain zinkadalira, unatsekedwa mu Novembala 2023. Kuyambira tsiku limenelo sindinapemphenso utsi kwa munthu aliyense.

Chimene ndinkafunafuna mu utsi wakuda chinali mu nthunzi yoyera, ndipo imeneyo sapempha kwa munthu, imabwera ndi nyengo. Nthunzi yeniyeni siioneka ndi maso. Choyera chimene timaona ndi timadontho ta madzi timene timapangika nthunzi ikakumana ndi mpweya wozizira, monga umaonekera mpweya wa m'kamwa m'mawa kukazizira. Masana kukutentha, injini ikhoza kumakoka ndi mphamvu zake zonse koma pamwamba pa chumuni osaoneka kanthu. Injini yomweyo, pamalo omwewo, m'mamawa mwa tsiku lozizira lachinyezi, imasiya mtambo wautali kuposa sitima yonse.

Ndinazionera bwino kumapiri a Harz ku Germany, kumene sitima za malasha zimayendabe tsiku ndi tsiku pa njanji yopapatiza ya mita imodzi, n'kukwera mpaka pamwamba pa phiri la Brocken, lotalika mamita 1,141. Ndinapitako m'nyengo yachisanu. Mitengo yonse inali italemedwa ndi chipale chofewa, kunja kuli zii, moti sitima ndinayamba kuimva kudakali mphindi zingapo kuti ioneke. Kugunda kwake kunkabwera, n'kusowa kuseri kwa phiri, n'kubweranso kutakula. Itatulukira, yakuda bii, mawilo ofiira psuu, nthunzi yake inaima tolotolo kupitirira mitengo osamwazika, chifukwa kunalibe mphepo. Zala zanga zinali zitauma moti batani la kamera sindinkalimva. Kumeneko ndinaphunzira kusunga batire lachiwiri m'thumba lam'kati pafupi ndi thupi, chifukwa kuzizira kumalipha msanga, ndiponso kusatulutsa kamera m'chikwama ndikangolowa m'bogi yofunda, chifukwa lenzi imachita thukuta mpaka m'kati.

Nanga dzuwa likhale kuti? Ophunzitsa kujambula amati likhale kumbuyo kwanu, ndipo ngati mukufuna chithunzi choonetsa injini yonse, nambala, utoto ndi mawilo, akunena zoona. Imani chakutsogolo m'mbali kuti muone nkhope ndi nthiti pamodzi. Koma zithunzi zimene ine ndimazikonda ndinazijambula dzuwa lili kuseri kwa nthunzi. Kuwala kukadutsa mu mtambowo, wonse umayaka ngati muli nyali m'kati, injini n'kukhala chimdima pansi pake. Palinso kanthawi, dzuwa likangotuluka kapena likamakalowa, pamene kuwala kumagunda m'nthiti mwa sitima n'kubwerera m'diso la kamera, mabogi onse kuti ngwee. Zimenezi zimafuna kuti malowo muwayendere wapansi dzulo lake, pa ola lomwelo limene sitima idzadutse. Mphepo nayo musaiiwale. Ikamachokera tsidya la njanji kubwera kwa inu, nthunzi imagwera mbali yanu n'kubisa zonse. Ine ndimathothola kaudzu n'kukaponya m'mwamba ndisanasankhe mbali yoima. Muyang'anenso chimene chili kuseri: nthunzi yoyera pa thambo loyera imasowa, koma kuseri kukakhala phiri kapena nkhalango, imatuluka yonse ndi mapindikidwe ake. Mutachita zonsezi, mukhozabe kudikira maola awiri chifukwa cha masekondi 10, mtambo n'kuphimba dzuwa sitima itangotsala pang'ono kufika. Zandichitikira kosawerengeka. Kuona maso a nkhono n'kudekha, ndiye mumabweranso mawa.

Za kamera ndinena mwachidule. Kamera ikaona chinthu chachikulu chakuda imayesa kwada, n'kudziwonjezera kuwala. N'chifukwa chake mainjini anga oyamba anatuwa, nthunzi n'kupsa, kutanthauza kuyera mbee osaonekanso mzere uliwonse. Ichepetsereni kuwala pang'ono, ndipo muziyesera pa nthunzi osati pa chitsulo, chifukwa mdima mukhoza kuudzutsa pa kompyuta koma choyera chikapsa chapsa. Ngati kamera yanu ili ndi RAW, mtundu wa fayilo wosunga zonse zimene kamera yaona, jambulani ndi imeneyo. Pa foni, dinani pamene pali nthunzi n'kutsitsa kadzuwa kamene kamaoneka pa sikirini. Kuti sitima yoyenda iime bwinobwino pachithunzi, shutter, kachitseko kolowetsa kuwala m'kamera, izitseguka kwa 1/500 ya sekondi kapena mofulumira kuposa apo. Koma mukaumitsa zonse nthawi zina imaoneka ngati yangoima, ndiye mukafuna liwiro lioneke tsitsani kufika pa 1/60 kapena 1/30, n'kumaitsatira injini ndi kamera mukutembenuka m'chiuno. Zambiri zidzawonongeka, koma chimodzi chidzatuluka injini ili yakuthwa, mawilo atasungunuka, mitengo ikuthawira kumbuyo. Ojambula akale a m'mafakitale ankaimika injini mikono ya mawilo ili pansi, ndipo n'zoona, imaoneka yokhazikika ikakhala choncho. Jambulani zingapo motsatizana mudzasankhe. Lenzi musasinthire pafupi ndi injini. Phulusa ndi mwaye zimalowa paliponse.

Tsopano chimene sindifuna kuti chikuchitikireni. M'chaka changa chachiwiri ndinadumpha mpanda pamalo ena pofuna kupewa chitsamba chimene chinkanditchinga. Ndinagwada pamiyala ya m'mphepete mwa njanji, diso lili m'kamera, lenzi yaitali itatulutsidwa yonse. Lenzi yaitali imanamiza. Imaphatikiza zakutali ndi zapafupi, moti sudziwa pamene chinthu chafika. Ndinamva huta ikulira, ndinayesa ndi moni. Inaliranso, motalika, osaleka. Nditachotsa diso pa kamera, injini inali pa ine. Ndinadziponya chagada m'zitsamba, kutentha kwa silinda kukundiwomba kumaso, mabuleki akulira. Sindinkadziwa kuti sitima ndi yotakata kuposa njanji yake, masilinda ndi masitepe zimatulukira m'mbali. Inakaima patsogolo kwambiri, itandipitirira yonse.

Madzulo woyendetsa anabwera pamene ndinakhala. Sanakalipe. Manja awo ankanjenjemerabe. Anangoti, "Achimwene, ine sindingakhote. Ndikadakupondani, ndikadakhala nazo moyo wanga wonse." Madala aja sanandilankhule milungu ingapo, ndipo anali ndi chifukwa. Vuto limeneli si la ine ndekha. Mu Febuluwale 2016, Flying Scotsman, injini ya mu 1923, itamaliza kukonzedwa kwa zaka 10, inanyamuka ku King's Cross ku London kupita ku York, ndipo anthu ofuna kuijambula anadzaza pa njanji mpaka sitimayo ndi zina zinaimitsidwa. Khalani kuseri kwa mpanda. Pojambula, diso linalo likhale lotsegula. Ndipo pamene pali njanji ziwiri, kumbukirani kuti phokoso la injini ya malasha limabisa sitima yamakono imene ikubwera mwakachetechete kumbuyo kwanu.

Mainjini ambiri amene anapulumuka sayendanso. Boila yokalamba ndi yoopsa, ndipo ku Britain imaloledwa kugwira ntchito zaka 10 zokha, kenako iphwasulidwe n'kuunikidwa yonse, ntchito imene imadya ndalama zochuluka ndi zaka. Poyamba mainjini a m'nyumba zosungiramo zinthu zakale ndinkawapeputsa, ndinkawaona ngati mitembo yopaka utoto. Maganizo amenewa anatha ku York, ku National Railway Museum, nditaima pamaso pa Mallard. Iyi ndi injini yabuluu yopangidwa potsatira mapulani a injiniya Nigel Gresley, imene pa 3 Julayi 1938 inathamanga makilomita 203 pa ola, ndipo mpaka lero palibe ya nthunzi imene inaiposa. Aliyense ankajambula chithunzi chimodzimodzi, ataima pamalo amodzimodzi. Ine ndinadikira kuti anthu achepe, n'kugwada pansi pafupi ndi mphuno yake, ndipo ndinaona mawindo a denga atatambasuka pa utoto wabuluuwo, akutsetsereka ndi msana wake ngati madzi. Injini yoima inaoneka ngati ikuthamanga.

M'nyumba zoterezi mumapeza zimene pa njanji simungazipeze, nthawi ndi kuyandikira. Onani zogwirira zimene zinasalala ndi zikhatho za anthu amene anamwalira kalekale, timbale ta mkuwa tolembapo fakitale ndi chaka, sitepe imene inakumbika pakati ndi nsapato. Pa mainjini ambiri mudzaona timikono tating'ono tolukanalukana pamwamba pa mkono waukulu. Ndi timene timalamula nthawi yolowa ndi yotuluka nthunzi m'silinda, ndipo kalukidwe kofala kwambiri anakatulukira Egide Walschaerts wa ku Belgium mu 1844. Mukatimvetsa mmene timayendera, mumadziwa pamene mungaloze kamera. Kuwala kumakhala kochepa, koma ndi bwino kukweza ISO, nambala yothandiza kamera kuona m'mdima, kusiyana n'kuyatsa flash, imene imangobwerera pa utoto n'kusiya chibanga. Tripod, choimikapo kamera cha miyendo itatu, muyambe mwafunsa ngati amalola. Fikani akungotsegula. Ndipo ikani munthu pachithunzi, atalola yekha kapena makolo ake, chifukwa mawilo a Mallard ndi aatali kupitirira mamita awiri, koma popanda munthu pambali pake palibe angakhulupirire.

Imene imandivuta kuijambula kuposa zonse, komanso imene ndimaikonda kuposa zonse, ndi Garratt. Anaiganiza ndi Herbert Garratt, ndipo yoyamba inapangidwa ndi Beyer, Peacock ku Manchester mu 1909 kuti ikagwire ntchito ku Tasmania. Boila yake imalendewera pakati pa mainjini awiri, imodzi kutsogolo ina kumbuyo, ngati machira onyamulidwa ndi anthu awiri. Motero imatha kupindika pamakona akuthwa ndi kuyenda pa njanji zopepuka ili ndi mphamvu zochuluka, n'chifukwa chake inagwira ntchito kwambiri mu Africa. Ena asungidwa ku Nairobi ndi ku Bulawayo, ndipo ang'onoang'ono ena amene ankayenda ku South Africa lero akukoka mabogi pa Welsh Highland Railway ku Wales. Mukaijambula kutsogolo mumangoona thanki ya madzi, chibokosi chopanda nkhope. Garratt imafuna muione m'mbali, ili pakona, makamaka mutakwera pamalo okwera, kuti zigawo zake zitatu zioneke chilichonse chikuloza kwake. Kulira kwake nakonso n'kwakekwake, magulu awiri a kugunda amene nthawi zina amagwirizana, nthawi zina amasemphana ngati ng'oma ziwiri. Kumeneko kamera siingakugwire, ndipo kangapo ndaitsitsa n'kungomvetsera.

M'kupita kwa nthawi ndinapeza kuti kamera yanga yayamba kutembenukira kwa anthu. Chisisira chikagwa, wothira malasha akatsegula chitseko cha ng'anjo, kuwala kofiira kumamugwera kumaso, n'kukwera mpaka kumimba kwa nthunzi imene ikudutsa pamwamba pawo. M'mawa woyendetsa amazungulira injini ndi kachitini ka oilo ka mlomo wautali, akugwira cholumikizira chilichonse ndi kuseri kwa dzanja ngati mayi woyesa mwana kutentha thupi. O. Winston Link, amene anajambula masiku otsiriza a malasha pa njanji ya Norfolk and Western ku America kuyambira 1955 mpaka 1960, makamaka usiku ndi mababu ambirimbiri a flash, sankasiya kunja anthu okhala m'mphepete mwa njanjiyo, ndipo ndikuganiza kuti n'chifukwa chake zithunzi zake zili ndi moyo mpaka lero. Iye ankagwirizana kaye ndi a njanji; inu musayatsire flash m'maso mwa munthu amene akuyendetsa sitima. Pemphani musanajambule munthu, ndipo mukalonjeza kumutumizira chithunzi mutumizedi. China chimene ndimachinena mosabisa: gulani tikiti, ngakhale tsiku lonse mukhale muli m'munda kudikira sitima. Ojambula ambiri timabwera, kutenga zithunzi n'kumapita osasiya kanthu, pamene malasha amene tajambula nthunzi yake alipiridwa ndi ena.

Anthu amandifunsa kuti chikoka chake chili pati, poti ndi makina otha ntchito. Sindiwatsutsa. Mwa mphamvu yonse imene ili m'malasha, yosakwana gawo limodzi mwa magawo 10 ndi imene imafika kumawilo. Injini imeneyi ndi yauve, imafuna maola ambiri kuti idzuke ndi enanso kuti igone, ndipo amene ankaigwirira ntchito kuti adye ankadzuka pakati pa usiku, kuponya matani a malasha ndi manja, kupuma fumbi. Madala aja sananenepo kuti kale kunali bwino. Komabe mu 2008 anthu osonkherana ndalama anamaliza kupanga injini yatsopano, Tornado, ku Darlington, tauni ya njanji ija ya Stockton and Darlington imene inatsegulidwa mu 1825. Mu 2019 kampani ya njanji ya ku America ya Union Pacific inadzutsa Big Boy 4014, chimphona cha mu 1941 chimene chinagona zaka zoposa 50, ndipo anthu anakhamukira m'mphepete mwa njanji kukachiona.

Ine ndikuona kuti n'chifukwa chakuti injini imeneyi siibisa kanthu. Ya dizilo kapena ya magetsi ndi bokosi long'ung'udza, zimene zikuchitika m'kati sungazione. Ya malasha mafupa ake ali kunja. Mwana wa zaka zisanu akayang'ana mkono ukukankha wilo amamvetsa yekha popanda womuuza. Ikalemedwa umaimva ikupuma movutika. Njanji ikanyowa mawilo amaterereka n'kuzungulira pamodzimodzi, kugunda kukusokonekera, woyendetsa n'kutseka msanga, kuthira mchenga, kuyesanso, ndipo onse oonerera amagwira mpweya mpaka itagwira. Zimene imadya ndi moto, madzi ndi mpweya, zinthu zimene munthu aliyense anazigwirapo. Ndipo siiyenda popanda anthu awiri omvana, wina wopanga nthunzi, wina woigwiritsa ntchito.

Madala aja sathiranso malasha, msana unakana. Amakhala pabenchi pafupi ndi shedi, ndipo fosholo anaisiyira mtsikana wina amene anamuphunzitsa okha. Ulendo wathawu ndinakhala nawo pabenchipo madzulo, sitima yomaliza ikukwera chikweza cha kusiteshoni. Iwo sanayang'ane injini, anayang'ana pamwamba pa chumuni. Panali kautsi kotuwa kopyapyala, ndi nthunzi yoyera imene dzuwa linkaiwala kuseri. Ndinabwerera m'mbuyo pang'ono n'kuwajambula chakumsana, chipewa chili pabondo, injini ili kakang'ono patali.

Ndinachitsukitsa chithunzicho n'kuwapititsira. Anachiyang'ana nthawi yaitali osalankhula. Kenako anaika chala chawo pa kachumuni kaja, n'kuitana mtsikana uja kuti abwere adzaone. "Apa unali utangothira kumanzere, eti?" Iye anavomera. "Ndipo chitseko unachisiya chotsekula." Anavomeranso. Anagwedeza mutu, n'kundifunsa ngati ndingatsukitse china choti mtsikanayo atenge.